Masiku Obadwa ndi Mayina m'Malemba a Ayuda ndi Akhristu

Baibulo ndi buku lodzaza ndi nkhani za kubadwa kwa ana, moti muli mitu yathunthu, monga mutu 5 wa Genesis ndi mitu 9 yoyambirira ya buku loyamba la Mbiri, imene ntchito yake yaikulu ndi kundandalika amene anabereka ndi amene anaberekedwa. Komabe alembi ake sanasunge tsiku lobadwa la munthu ndi mmodzi yemwe. Iwo amanena kuti Metusela anakhala ndi moyo zaka 969, kuti Abrahamu anali ndi zaka 100 pamene Isake ankabadwa, ndiponso kuti Yosiya analowa ufumu ali ndi zaka 8, zimene zikusonyeza kuti zaka za munthu ankaziwerenga ndithu, koma mwezi ndi tsiku lenileni limene mwana anabadwa sanazione ngati zinthu zoyenera kulembedwa. Chimene anachisamala kwambiri ndi dzina, ndipo nthawi zambiri amafotokoza amene analitchula, chimene chinamuchititsa kulisankha, ndiponso amene anadzalisintha mwini wake atakula.

Maphwando a mafumu

M'mabuku 66 amene mipingo ya Chipulotesitanti ndi ya Chikatolika imagwirizana kuti ndi Malemba, muli maphwando awiri okha amene akutchulidwa momveka kuti anali okumbukira tsiku lobadwa, ndipo onse awiri anali a olamulira, komanso pa onse awiri panafa munthu. Loyamba lili mu Genesis 40, pamene Farao wa ku Ejipito anakonzera nduna zake madyerero patangopita masiku atatu Yosefe atamasulira maloto a akaidi anzake awiri, ndipo pa tsikulo mfumu inabwezera pa ntchito mkulu wa operekera chikho, ndiye kuti nduna yoyang'anira zakumwa zake, koma mkulu wa ophika buledi inamupachika. Lachiwiri, lofotokozedwa ndi Mateyu 14 ndi Marko 6, linali la Herode Antipa, amene ankalamulira zigawo za Galileya ndi Pereya pansi pa ufumu wa Aroma mpaka chaka cha 39. Herodeyu anali atakwatira Herodiya, mkazi wa m'bale wake, ndipo Yohane Mbatizi atadzudzula ukwatiwo anatsekeredwa m'ndende. Pa phwandolo mwana wamkazi wa Herodiya anavina pamaso pa akuluakulu a boma ndi a asilikali, Herode analumbira kuti amupatsa chilichonse chimene angapemphe, ndipo mtsikanayo, mayi ake atamulangiza, anapempha mutu wa Yohane. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wa m'zaka za m'ma 90, nayenso analemba za imfa ya Yohane, ndipo iye akuti inachitikira m'linga la Machaerus kum'mawa kwa Nyanja Yakufa, chifukwa Herode ankaopa kuti khamu limene linkamvera Yohane likhoza kuukira boma.

Chitsanzo chachitatu chili m'buku lachiwiri la Amakabeo, limene Akatolika ndi Aorthodox amaliwerengera m'Malemba koma Ayuda ndi Apulotesitanti saliwerengeramo. Bukuli limasimba kuti mu ulamuliro wa Antiochus IV Epiphanes, mfumu yachigiriki ya ku Siriya imene inaletsa chipembedzo cha Ayuda m'chaka cha 167 Khristu asanabadwe, Ayuda ankakakamizidwa kudya nawo nyama ya nsembe pa tsiku lobadwa la mfumuyo, limene linkakumbukiridwa mwezi uliwonse. Zakuti mfumu n'kumachitiridwa chikumbutso chotere mwezi ndi mwezi sizinali zachilendo m'dera limenelo, chifukwa mwala wotchuka wa Rosetta, umene unalembedwa ku Ejipito m'chaka cha 196 Khristu asanabadwe, umalamula zomwezo pa tsiku lobadwa la mfumu Ptolemy V. Apa ndi pamene pali gwero la nkhaniyi. Kwa mitundu yozungulira Israyeli, tsiku lobadwa la mfumu linali mwambo wa boma ndi wa chipembedzo nthawi imodzi, ndipo munthu wopita kumeneko ankakhala ngati wavomereza kuti mfumuyo ndi yoposa anthu. N'chifukwa chake Mishnah, buku la malamulo a arabi limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, limaika masiku obadwa a mafumu m'gulu la zikondwerero za anthu opembedza mafano, zimene Myuda ayenera kuzitalikira.

Anthu ena amawonjezera pa mndandandawu ana a Yobu, amene ankachita madyerero mosinthana, aliyense pa tsiku lake, koma lembalo silinena kuti linali tsiku lanji, ndipo mwina kunali kungolandizana chabe. Pamene Yobu mwiniwake ndi mneneri Yeremiya akutchula tsiku limene anabadwa, akulitchula politemberera chifukwa cha masautso awo, ndipo buku la Mlaliki limaika tsiku la imfa pamwamba pa tsiku lobadwa. Izi sizikutanthauza kuti Aisrayeli sankakondwera mwana akabadwa, pakuti kwa iwo kusabereka ndiko kunali chisoni chachikulu. Chimwemwe chawo chinkatsata magawo a kukula kwa mwanayo, osati kubwereza tsiku limodzi chaka ndi chaka: mwana wamwamuna ankadulidwa pa tsiku lachisanu ndi chitatu, woyamba kubadwa ankawomboledwa ndi masekeli 5 a siliva akakwanitsa mwezi umodzi, ndipo Abrahamu anakonza phwando lalikulu pa tsiku limene Isake analeka kuyamwa. Mpaka lero, masiku amene ali ndi kulemera kwa chipembedzo m'mabanja achiyuda ndi la bar mitzvah, pamene mnyamata wa zaka 13 amayamba kusenza yekha udindo wosunga malamulo, ndi la yahrzeit, chikumbutso cha chaka ndi chaka cha tsiku limene wachibale anamwalira.

Akhristu oyambirira anatengera maganizo omwewa, ndipo ena anawakhwimitsa. Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria amene anamwalira cha m'ma 253, analalikira kuti m'Malemba ndi anthu ochimwa okha, monga Farao ndi Herode, amene amakondwerera tsiku lawo lobadwa. Tsiku limene mpingo unkalitchula kuti lobadwa linali tsiku limene munthu wofera chikhulupiriro anaphedwa, popeza unkakhulupirira kuti pamenepo ndi pamene wabadwira ku moyo wosatha. Kalata yosimba za imfa ya Polycarp, bishopu wa ku Smyrna amene anaphedwa cha m'ma 155, imasonyeza kuti Akhristu anzake anakonza zoti azisonkhana pamanda ake pa tsiku limenelo. Masiku ano a Mboni za Yehova, amene alipo ambiri ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, sakondwerera masiku obadwa, ndipo nkhani za Farao ndi Herode ndi zina mwa zifukwa zimene amapereka. Mipingo ina yambiri imayankha kuti choipa pa maphwando awiriwo chinali nkhanza za olamulirawo, osati tsikulo. Chimene munthu wowerenga mosakondera angatsimikize n'chakuti palibe lamulo m'Malemba limene limalamula mwambowu ndipo palibenso limene limauletsa, kotero mbali zonse ziwiri zikutanthauzira nkhani, osati kuwerenga lamulo.

Tsiku lobadwa la Yesu nalonso silinalembedwe. Mwa Mauthenga Abwino anayi, Mateyu ndi Luka okha ndiwo amasimba za kubadwa kwake, ndipo onse awiri satchula mwezi. Ngakhale chaka chenichenicho chimavuta, chifukwa Mateyu amaika kubadwako m'masiku a Herode Wamkulu, amene olemba mbiri ambiri amati anamwalira m'chaka cha 4 Khristu asanabadwe, ndipo chisokonezo chimenechi chinabwera chifukwa Dionysius Exiguus, mmonke amene anayambitsa kawerengedwe ka zaka kameneka m'chaka cha 525, anaphonya ndi zaka zingapo. Cha m'ma 200, Clement wa ku Alexandria analemba kuti Akhristu ena ankaloza masiku a mu Epulo ndi Meyi. Umboni wakale kwambiri wa chikondwerero cha pa 25 Disembala ndi kalendala ya ku Roma yosonyeza zimene zinkachitika m'chaka cha 336, ndipo akatswiri amapereka zifukwa ziwiri zimene tsikuli linasankhidwira: ena amati mpingo unafuna kulowa m'malo mwa chikondwerero cha dzuwa chimene Aroma ankachita nthawi yomweyo, pamene ena amati unangowerenga miyezi 9 kuchokera pa 25 Malichi, tsiku limene unkakhulupirira kuti Mariya anatenga pathupi. Mpingo wa ku Armenia umasungabe 6 Januwale, ndipo wa ku Ethiopia ndi wa Akoputi a ku Ejipito amachita Khrisimasi pa 7 Januwale chifukwa cha kalendala zawo zakale.

Dzina ngati mbiri ya banja

Pamene tsiku linkaiwalika, dzina ndilo linkasunga zimene zinachitika pa nthawi yobadwayo, ndipo m'Chipangano Chakale kawirikawiri amene ankalitchula anali mayi. Leya, mkazi wa Yakobo amene sankakondedwa ngati mng'ono wake Rakele, anasiya mbiri ya ukwati wake m'mayina a ana ake: Rubeni chifukwa Mulungu anaona kuzunzika kwake, Simeoni chifukwa Mulungu anamva, Levi chifukwa ankayembekeza kuti tsopano mwamuna wake amuphatikira, ndipo pofika pa Yuda anasiya kudandaula n'kuyamba kutamanda. Rakele, amene anafa pobereka, anatcha mwana wake Benoni, mwana wa chisoni chake, koma Yakobo sanafune kuti mwanayo ayende ndi dzina la maliro, choncho analisintha kukhala Benjamini, mwana wa dzanja lamanja. Mpongozi wa wansembe Eli atamva kuti Afilisti alanda Bokosi la Chipangano ndiponso kuti mwamuna wake ndi apongozi ake afa, anatcha mwana wake Ikabodi, kusonyeza kuti ulemerero wachoka mu Israyeli. Obedi, agogo ake a mfumu Davide, anapatsidwa dzina ndi amayi oyandikana nawo nyumba. Owerenga Chichewa sangadabwe ndi zimenezi, popeza mayina monga Mavuto, Masautso, Chisoni ndi Tadala nawonso amanena zimene banja linkakumana nazo pamene mwanayo ankabadwa. Mwambo wodikira tsiku la mdulidwe kuti mwana apatsidwe dzina ukuonekera mochedwa, mu Uthenga wa Luka, pa nkhani za Yohane Mbatizi ndi Yesu.

Mafotokozedwe a mayinawa nthawi zina amatsamira pa kufanana kwa kamvekedwe ka mawu, osati pa chiyambi chenicheni cha dzinalo. Buku la Eksodo limagwirizanitsa dzina la Mose ndi mawu achiheberi otanthauza kuvuula m'madzi, koma akatswiri ambiri amaona kuti dzinali ndi lachiejipito, lofanana ndi chigawo chomaliza cha mayina a mafumu monga Thutmose, chimene chimatanthauza wobadwa, ndipo zimenezi n'zomveka popeza amene anamutcha anali mwana wa Farao. Aneneri anapitirira apa n'kusandutsa ana awo ulaliki woyenda ndi miyendo. Yesaya anatcha mwana wake wina Maheri-salali-hasi-bazi, dzina lalitali kuposa la munthu wina aliyense m'Baibulo, lonena za kufulumira kwa zofunkha za nkhondo pochenjeza za kubwera kwa Asuri, ndipo Hoseya anatcha mwana wake wamkazi Lo-ruhama, wosachitiridwa chifundo, ndi wamwamuna Lo-ami, kutanthauza kuti Aisrayeli sanalinso anthu a Mulungu.

Mayina ochuluka achiheberi ali ndi dzina la Mulungu mkati mwake. Amene ali ndi El, monga Danieli, Samueli ndi Elisa, akutchula mawu akuti Mulungu, pamene othera ndi ya, monga Yesaya, Yeremiya ndi Zekariya, ali ndi chidule cha dzina lake lenileni, ndipo Eliya ali ndi zonse ziwiri. Dzina lenilenilo, limene limalembedwa ndi zilembo zinayi YHWH, limapezeka pafupifupi nthawi 6,800 m'Malemba achiheberi, koma Ayuda analeka kulitchula chifukwa cha ulemu ndipo powerenga ankanena Adonai, ndiye kuti Ambuye. Alembi otchedwa Amasorete, amene anawonjezera zizindikiro za mavawelo m'malembawo zaka mazana angapo Khristu atabwera, anaika mavawelo a Adonai pa zilembo zinayizo monga chikumbutso kwa wowerenga, ndipo kuphatikiza ziwirizi ndi kumene kunabala katchulidwe kakuti Yehova, kamene Buku Lopatulika la 1922 linagwiritsa ntchito. Omasulira Buku Loyera la 1998 anasankha dzina lachichewa lakuti Chauta. Ulemu womwewo unachititsa alembi kudana ndi mayina okhala ndi Baala, moti mwana wa mfumu Sauli amene buku la Mbiri limamutcha Esibaala, m'buku la Samueli akutchedwa Isiboseti, pamene dzina la Baala lachotsedwa n'kuikapo mawu otanthauza manyazi.

Kusintha dzina la munthu wamkulu kunali chizindikiro cha ulamuliro pa munthuyo. Mulungu anasintha Abramu kukhala Abrahamu, Sarai kukhala Sara ndi Yakobo kukhala Israyeli, koma mafumu a dziko nawonso ankachita zomwezo pofuna kusonyeza mwini mphamvu. Farao Neko ataika Eliyakimu pa mpando wa Yuda m'chaka cha 609 Khristu asanabadwe anamutcha Yehoyakimu, ndipo Nebukadinezara anasintha Mataniya kukhala Zedekiya m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe. Ku Babulo, Danieli, Hananiya, Misayeli ndi Azariya, amene mayina awo onse ankatchula Mulungu wa Israyeli, anapatsidwa mayina akuti Belitesazara, Sadirake, Mesake ndi Abedinego, ndipo n'zachisoni kuti atatu omalizawa, amene anakana kugwadira fano, amakumbukiridwa lero ndi mayina amene anawapatsa owagwira ukapolo. Nkhani ya Paulo ndi yosiyana ndi zimenezi, ngakhale maulaliki ambiri amanena kuti dzina lake linasinthidwa pa njira ya ku Damasiko. Buku la Machitidwe a Atumwi limapitiriza kumutchula Saulo kwa mitu ingapo atatembenuka kale, ndipo dzina lakuti Paulo limayamba pa mutu 13, ali pa chilumba cha Kupro pa ulendo wake woyamba wolalikira, pamene wolembayo amangonena kuti munthuyu anali ndi mayina onse awiri. Linali khalidwe la Ayuda ambiri a nthawi imeneyo kukhala ndi dzina lachiheberi la kwawo ndi lina lachiroma kapena lachigiriki la kunja.

Asimoni ambiri, Amariya ambiri

M'nthawi ya Chipangano Chatsopano mayina anali atasiya kupangidwa atsopano pa mwana aliyense, ndipo mabanja ankabwereza ochepa omwewo. Tal Ilan, katswiri wa mbiri wa ku Israel, anasindikiza m'chaka cha 2002 buku losonkhanitsa mayina a Ayuda a ku Palestina kuyambira chaka cha 330 Khristu asanabadwe mpaka chaka cha 200, ochokera m'mabuku, m'makalata ndi pa mabokosi amiyala osungiramo mafupa a akufa. Pa amuna, Simoni ndi Yosefe ndiwo anali patsogolo, motsatidwa ndi Eleazara, amene ndi Lazaro, kenako Yuda, Yohane ndi Yesu, ndipo pa akazi Mariya ndi Salome anasiya ena onse kutali. Ambiri mwa mayinawa anali a banja la Amakabeo, la wansembe Matatiya ndi ana ake Yohane, Simoni, Yuda, Eleazara ndi Yonatani, amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Antiochus uja, choncho makolo okhala pansi pa Aroma ankatcha ana awo mayina a omenyera ufulu. Dzina lakuti Yesu ndi lomwe lija la Yoswa, lodzera m'Chigiriki, ndipo linali lofala moti kalata ya kwa Akolose imatchula mnzake wa Paulo wotchedwa Yesu Yusto.

Zimenezi zikufotokoza chifukwa chake pa atumwi 12 panali Asimoni awiri, Ayakobo awiri, ndiponso, malinga ndi mndandanda wa Luka, Ayudasi awiri, komanso chifukwa chake alembi ankawonjezera mawu osiyanitsa, kaya dzina la bambo, mudzi, ntchito kapena chipani: Simoni Petro, Simoni Mzelote, Simoni wa ku Kurene, Simoni wofufuta zikopa, Simoni wakhate. Amariya alipo osachepera asanu ndi mmodzi, ndipo kuchuluka kwawo kunavulaza mbiri ya mmodzi wa iwo. M'chaka cha 591 Papa Gregory I analalikira ngati kuti Mariya wa ku Magadala, Mariya wa ku Betaniya ndi mayi wochimwa wopanda dzina wa pa Luka 7 anali munthu mmodzi, ndipo kwa zaka zoposa 1,000 Akhristu a kumadzulo anamuona Mariya wa ku Magadala ngati mkazi wadama wolapa, chinthu chimene Uthenga Wabwino uliwonse sunena. Mpingo wa Katolika unawalekanitsa amayiwa pokonzanso kalendala yake m'chaka cha 1969.

Anthu amene sanatchulidwe

Pamene Malemba anasiya munthu wopanda dzina, mibadwo yotsatira sinaugwire mtima ndipo inamupezera. Mateyu sanena kuti anzeru a kum'mawa anali angati, sanena kuti anali mafumu, ndipo satchula mayina awo; nambala ya atatu inachokera pa mphatso zitatu, mipingo ina ya ku Siriya inkati analipo 12, ndipo mayina akuti Caspar, Melchior ndi Balthasar anayamba kuoneka patapita zaka pafupifupi 500. Mtsikana wovina pa phwando la Herode amadziwika kuti Salome chifukwa cha Josephus, osati chifukwa cha Mateyu kapena Marko. Wakuba wolapa wa pa mtanda anatchedwa Dismas m'buku lina lakale lotchedwa Uthenga wa Nikodemo, limene silili m'Baibulo, ndipo mfumukazi ya ku Seba imatchedwa Makeda m'buku la ku Ethiopia la Kebra Nagast. Miyambo imeneyi ili ndi phindu lake pa mbiri ya mpingo, koma wophunzira ayenera kudziwa pamene lemba lathera ndi pamene mwambo wayambira, chifukwa kukhala chete kwa alembi nthawi zambiri kunali kwadala.

Buku la Eksodo limatchula azamba awiri, Sifira ndi Puwa, amene anakana lamulo lakupha ana aamuna a Aheberi, koma mfumu imene inapereka lamulolo imangotchedwa Farao, limene ndi dzina la udindo, moti olemba mbiri akutsutsanabe ngati nkhaniyi ikunena za nthawi ya Ramesses II kapena ya mfumu ina. M'mafanizo onse a Yesu, munthu mmodzi yekha wopangidwira nkhaniyo ndiye ali ndi dzina, ndipo ndi Lazaro wopemphapempha uja, pamene wachuma amene ankamusiya pa chipata alibe. Chitsanzo chomveka koposa chili m'buku la Rute. Malinga ndi mwambo wofanana ndi kulowa chokolo, wachibale wapafupi ankayenera kuwombola munda wa womwalirayo ndi kukwatira mkazi wamasiye, kuti mwana wobadwayo asunge dzina la malemuyo pa cholowa chake. Panali wachibale wina wapafupi kuposa Boazi, amene anadzakwatira Rute, ndipo wachibaleyo poyamba anavomera mundawo, koma atamva kuti ayeneranso kukwatira Rute wamasiyeyo anakana poopa kuwononga cholowa chake, ndipo wolembayo, pofika pamene Boazi akumuitana pa chipata cha mudzi, anaika mawu achiheberi ofanana ndi akuti uje m'malo mwa dzina. Buku la mitu 4 limeneli limatchula Elimeleki, Naomi, ana awo awiri ndi apongozi awo awiri, ndipo limathera pa mndandanda wa mayina 10 kuchokera kwa Perezi kufika kwa Davide, koma munthu amene anakana kusunga dzina la m'bale wake sakutchulidwa dzina pena paliponse.